Kodi Markowa, kwawo kwa banja la a Ulma, ndi mudzi wotani?

Mayi ena andilembera funso ili: "Ku tchalitchi kwathu bambo mfumu anatiuza za banja la a Ulma a ku Poland, lomwe linaphedwa lonse ndi ana omwe chifukwa chobisa Ayuda pa nkhondo, akuti anali a m'mudzi wa Markowa. Ine ndakulira kumudzi ndipo ndikudziwa kuti kumudzi sungabise ngakhale mbuzi anthu osadziwa. Ndiye mudzi umenewu uli pati, ndi wotani, ndipo zinatheka bwanji kubisa anthu 8 kwa nthawi yoposa chaka?"

Mayi, funso lanu landikhudza chifukwa mwafunsa za mudziwo, pomwe ambiri amangofunsa za imfayo basi, ndiye ndiyamba ndi malowo chifukwa yankho la funso lanu lomalizalo lagona pa mmene mudziwo unamangidwira.

Choyamba katchulidwe, kuti mukamafotokozera anzanu ku limana musavutike. Chilembo cha w ku Poland amachitchula ngati v, ndiye Markowa amati Markova. Mudziwu uli kummwera chakummawa kwa Poland, m'chigawo cha Podkarpackie, dzina lomwe likutanthauza kuti kumunsi kwa mapiri a Carpathian. Tauni yoyandikira ndi Łańcut, makilomita pafupifupi 8 basi, ndipo mzinda waukulu wa chigawocho ndi Rzeszów, makilomita opitirira pang'ono 20 chakumadzulo. Malire a Ukraine sali patali, sapitirira makilomita 100. Anthu okhala ku Markowa lero ndi cha m'ma 4,000, ndiye kwa ife tingati ndi mudzi waukulu ndithu, koma kumeneko umawerengedwa mudzi chifukwa moyo wake ndi wa ulimi, ndipo ndi likulu la kadera komwe kali ndi midzi ina iwiri, Husów ndi Tarnawka.

Malo ake si mapiri ataliatali ayi, ndi zitunda zotsetsereka pang'onopang'ono, pomwe chigwa chikutha mapiri n'kumayamba. Dothi lake ndi lomwe akatswiri amati loess, fumbi losalala lomwe mphepo inaunjika kalekale kwambiri, ndipo ndi lachonde zedi, tirigu, mbatatesi ndi mbewu ya mizu ija amapangira shuga kumeneko zimachita bwino, n'chifukwa chake ku Przeworsk, tauni ina yapafupi, kunamangidwa fakitale ya shuga kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Koma nyengo yozizira ndi yoopsa, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale madzi amaundana, pansi pamayera mbee ndi sinowo, dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa munthu wothawa sangagone m'tchire miyezi imeneyo, ayenera kupeza denga la munthu wina, apo ayi afa ndi chisanu.

Tsopano kamangidwe ka mudzi. Mukatsegula Google Maps n'kuyang'ana Markowa kuchokera mmwamba muona chinthu chachilendo, mudziwo si wozungulira ngati mmene timadziwira ife, nyumba kuunjikana pamodzi minda kutali. Ndi mzere umodzi wautali, makilomita angapo, wotsatira kamtsinje ka Markówka ndi msewu, nyumba mbali iyi ndi mbali iyo, ndipo kuseri kwa nyumba iliyonse kumachoka munda wowonda koma wautali kwambiri kukwera chitunda mpaka kukafika ku malire a mudzi wina. Zimaoneka ngati chipeso. Izi sizinangochitika mwangozi, zinachita kupimidwa ndi anthu m'zaka za m'ma 1300.

Nthawi imeneyo mfumu ya Poland inali Kazimierz Wamkulu, amene analamulira kuyambira 1333 mpaka 1370, ndipo dera lino linali la nkhalango, anthu ochepa. Mfumu ndi eni malo akuluakulu ankafuna anthu oti adule nkhalango n'kulima kuti azipereka msonkho, ndiye ankaitana alimi ochokera kumadzulo, ambiri olankhula Chijeremani. Banja la a Pilecki ndi lomwe linali ndi dera la Łańcut, ndipo Markowa inakhazikitsidwa pansi pa iwowo. Mlimi aliyense ankapatsidwa gawo lotchedwa łan, mahekitala opitirira 20, loyambira pa mtsinje kukwera mtunda, kuti aliyense akhale ndi madzi, dimba, munda ndi kankhalango kake, ndipo zaka zoyambirira sankalipira kanthu kufikira minda itakhazikika. Amene anatsogolera anthuwo ankakhala sołtys, tinene kuti nyakwawa, udindo womwe ulipobe mpaka lero m'midzi ya ku Poland, kungoti pano amachita kusankhidwa. Ngakhale dzina loti Łańcut linachokera ku dzina la Chijeremani loti Landshut.

Apa pali chinthu chimene chimandiwawa ndikachiganizira. Anthu a ku Markowa omwe anazunzidwa ndi Ajeremani mu 1944, ambiri mwa iwo makolo awo akalekale anali Ajeremani. Pakutha kwa zaka mazanamazana chilankhulo chija chinafa pang'onopang'ono, anakwatirana ndi anansi awo, anasanduka Apolishi enieni, Akatolika olimba, koma maina a mabanja anatsala, monga Szpytma, Szylar, Cwynar, Kielar, munthu wodziwa zilankhulo ziwirizi akawamva amazindikira komwe anachokera. Anthu a mtundu umenewu ku Poland amawatchula kuti Głuchoniemcy.

Ufulu umene alimi oyamba aja anali nawo sunakhalitse. Pofika zaka za m'ma 1500 ndi 1600 eni malo anakhwimitsa zinthu, mlimi ankakakamizidwa kukalima ulere m'munda wa bwana masiku angapo pa sabata, iwo amati pańszczyzna, ndipo amene munamvapo za thangata wa m'maesiteti a ku Thyolo ndi Chiradzulu mukumvetsa zomwe ndikunena. Pamwamba pa izo kunkabwera nkhondo, mu 1624 Atatari, ankhondo a pa mahatchi ochokera kum'mawa, anasakaza midzi ya dera lonseli n'kugwira anthu ukapolo. Kenaka mu 1772 maiko oyandikana nayo atayamba kugawana Poland, dera lino linapita kwa Austria n'kutchedwa Galicia, ndipo linakhala choncho mpaka 1918. Thangata wawo uja anathetsedwa mu 1848, koma umphawi sunathe, chifukwa minda yaitali ija inkagawidwa kwa ana, anawo n'kugawiranso ana awo, mpaka łan ya mahekitala 20 inasanduka timizere towonda ngati lamba. Galicia inatchuka ndi umphawi ku Ulaya konse, ndipo anthu miyandamiyanda anakwera sitima kupita ku America kukafuna ntchito. Chonsecho makilomita 8 okha kuchokera pa Markowa panali nyumba yachifumu ya ku Łańcut ya banja la a Potocki, imodzi mwa nyumba zolemera kwambiri m'dziko lonselo, ilipobe ndipo alendo amakaiona.

Koma Markowa sinali mudzi wogona, ndipo ichi ndi chimene anthu ambiri olalikira za a Ulma amadumpha. Dera lino linali phata la gulu la alimi lomenyera ufulu wawo. M'mudzi woyandikana nawo wa Gać munali sukulu ya achinyamata akumudzi yomwe a Ignacy Solarz ankayendetsa m'zaka za m'ma 1930, yophunzitsa ana a alimi kudzidalira ndi kugwirira ntchito pamodzi, ndipo ndi maganizo a bambo amenewa cha m'ma 1935 ku Markowa kunayambika kopaletivi ya zaumoyo yoyamba m'midzi ya ku Poland, alimi kusonkha ndalama kuti akhale ndi dokotala wawowawo pamudzi. Kunalinso kopaletivi ya mkaka. Mu June 1936 alimi zikwizikwi anasonkhana ku Nowosielce, pafupi pomwepo, ndipo mu Ogasiti 1937 anachita sitalaka yokana kupititsa zokolola m'matauni, apolisi anapha anthu oposa 40. Ndiye awa anali anthu owerenga, okangana za ndale, ozolowera kupanga chinthu pamodzi popanda kudikira boma.

A Józef Ulma anali mwana wa nyengo imeneyo. Anabadwa mu 1900, sukulu ya pulayimale anangophunzira makalasi ochepa kenaka anakachita kosi ya zaulimi ku Pilzno, koma anali munthu wa manja ndi mutu. Anali ndi nazale ya mitengo ya zipatso ndipo ankaphunzitsa anzawo kukwatitsa mitengo, ankaweta njuchi, ankaweta mbozi zotulutsa ulusi wa silika, ankabwereketsa mabuku kwa anthu a pamudzi, anadzipangira kamakina ka mphepo kopangira magetsi, komanso ankajambula zithunzi, kamera yawo yoyamba anachita kupanga okha. Chifukwa cha zithunzi zimenezo lero tikudziwa nkhope za anthu a ku Markowa a nthawi imeneyo, maukwati awo, ana awo, ngakhalenso anansi awo achiyuda. Anakwatira a Wiktoria Niemczak, obadwa mu 1912, pa 7 July 1935, ndipo ana anabadwa motsatizana, Stanisława, Barbara, Władysław, Franciszek, Antoni ndi Maria. Munda wawo unali waung'ono kwambiri moti mu 1938 anagula mahekitala 5 ku Wojsławice kufupi ndi Sokal kuti asamukireko, nkhondo ndi imene inawatsekereza.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe ku Markowa kunali anthu pafupifupi 4,500, ndipo mwa iwo Ayuda analipo cha m'ma 120, amalonda ang'onoang'ono ndi amisiri omwe ankakhala pakati pa anzawowo, osati kumbali. Ajeremani analowa mu Seputembala 1939. Pa 15 Okutobala 1941 bwanamkubwa wawo Hans Frank anasaina lamulo loti Myuda wopezeka kunja kwa malo omwe anawatsekera aphedwe, ndipo womubisa naye aphedwe. M'chilimwe cha kumeneko cha 1942 anayamba kusonkhanitsa Ayuda a dera la Łańcut, ambiri anakaphedwa ku kampu ya Bełżec, ena anawomberedwa pompo, ndipo otsala anathawira m'nkhalango, m'makola ndi m'nyumba za anthu.

Tsopano funso lanu lenileni, Mayi. Mwanena zoona, kumudzi kulibe chinsinsi, ndipo ku Markowa nakonso kunalibe. Koma taganizirani mzere wautali uja. Munthu wa kumapeto kuno ndi wa kumapeto uko atalikirana ulendo wa ola ndi kuposa, khomo lililonse lili ndi bwalo lake, khola ndi nkhokwe yake, ndipo munthu atha kufika usiku kuchokera kuseri, kudzera m'munda, osaponda msewu n'komwe. Mudzi wotere umathandiza kubisa. Komanso nyumba ya a Ulma inali payokha, potalikirako ndi nyumba zina, kanyumba ka matabwa kakang'ono, ndipo alendowo ankakhala kudenga, pakati pa siling'i ndi denga. Anali a Saul Goldman, wogulitsa ng'ombe wa ku Łańcut, ndi ana awo aamuna anayi, komanso azimayi awiri apachibale a ku Markowa komweko, Gołda Grünfeld ndi Lea Didner, ndi kamtsikana ka Lea, Reszla. Anafika chakumapeto kwa 1942. Sikuti ankangokhala mwakachetechete kudengako, amunawo ankathandiza a Józef kucheka nkhuni ndi kufufuta zikopa kuti papezeke ndalama ya chakudya, chifukwa tangoganizani, nyumba imodzi pakamwa 16, nthawi ya nkhondo yomwe Ajeremani ankalandanso gawo la zokolola.

Ndiye ine sindikhulupirira kuti anansi sankadziwa. Zikopa zimanunkha, macheka amamveka, ndipo mayi wogula chakudya chochuluka chotere anthu amamuona. Chimene chinasunga anthu aja kwa chaka ndi miyezi si khoma kapena denga, koma anthu ambirimbiri omwe anaona n'kutseka pakamwa. Ndipo a Ulma sanali okha, mabanja a Szylar, Bar, Cwynar, Przybylak, Drewniak ndi Kielar nawonso ankabisa anthu m'makomo mwawo.

Koma ndikanama ndikati mudzi wonse unali woyera, ndipo nkhani imeneyi siifuna bodza. Mu Disembala 1942 Ajeremani analamula nyakwawa kuti achite msako wa Ayuda obisala, ndipo amene anasaka anali amuna a pamudzi pomwepo, alonda ndi ozimitsa moto. Anapeza anthu oposa 20, ndipo pa 14 Disembala apolisi achijeremani anawawombera onse. Ena anapita ku msakowo chifukwa cha mantha poti kukana kunali kuika moyo pachiswe, koma mfundo ndi yakuti anthu anagwidwa ndi manja a anansi awo. Akatswiri a mbiri ku Poland mpaka lero amakangana kwambiri za mmene nkhani ngati iyi iyenera kufotokozedwera, ena amati boma limakonda kuonetsa opulumutsa okha. Kwa ine kudziwa za msakowo ndi kumene kumaonetsa kulemera kwa zomwe a Józef ndi a Wiktoria anachita, chifukwa iwo zonsezo zinachitika ali pomwepo, ankadziwa bwino lomwe mtengo wake, koma alendo awo sanawatulutse.

Amene akatswiri amati ndiye anakaulula sanali wa pamudzipo, anali wapolisi wa ku Łańcut, Włodzimierz Leś, wa gulu la apolisi achipolishi omwe ankagwira ntchito pansi pa Ajeremani. Poyamba ankathandiza a Goldman posinthana ndi katundu wawo, kenaka a Goldman atayamba kufunsa katunduyo iye anaona kuti njira yachidule ndi kuwachotsa. Mbandakucha wa pa 24 Malichi 1944 apolisi achijeremani motsogozedwa ndi Eilert Dieken anafika pa ngolo za mahatchi, oyendetsa ngolowo anali alimi a midzi yoyandikana omwe anakakamizidwa, ndipo ndi iwowa amene pambuyo pake anachitira umboni. Anayamba kupha Ayuda aja, kenaka a Józef ndi a Wiktoria kunja kwa nyumba ana akuona, ndipo atakambirana pang'ono anaphanso ana onse 6, wamkulu wa zaka zosakwana 8, wamng'ono wa chaka ndi theka. A Wiktoria anali ndi pathupi potopa ndipo matenda anawayamba pa nthawi yomweyo, ndiye onse pamodzi ndi khandalo anafa anthu 17. Nyakwawa a Teofil Kielar analamulidwa kubweretsa anthu oti akumbe dzenje, ndipo atafunsa chifukwa chomwe aphera ana anayankhidwa kuti n'cholinga choti mudzi usavutike nawo. Akuphawo anakhala pomwepo n'kumwa vodka.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi zomwe zinachitika mawa lake. Mudzi wonse unadziwa, mantha anagwira dera lonse, koma mabanja ena aja sanatulutse anthu awo. Anapirira miyezi ina inayi mpaka asilikali a Soviet Union atafika kumapeto kwa July 1944, ndipo Ayuda 21 anatuluka amoyo ku Markowa. Miyezi inayi yokha, Mayi, ndi imene inatsala kuti a Ulma ndi alendo awo aone mapeto a ulamuliro umenewo.

Za chilungamo, chinabwera chopereŵera. Leś anawomberedwa ndi gulu la Apolishi lomenya nkhondo mobisa mu Seputembala 1944. Joseph Kokott, mmodzi wa owombera aja, anazengedwa mlandu ku Rzeszów mu 1958 ndipo anafera m'ndende mu 1980. Koma Dieken, mtsogoleri weniweni, anabwerera kwawo ku Germany, anagwiranso ntchito yaupolisi ndipo anamwalira mu 1960 osalangidwa.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi inkangodziwika pamudzipo ndi kwa achibale. Mu 1995 bungwe la Yad Vashem la ku Jerusalem linapatsa a Józef ndi a Wiktoria ulemu wa olungama a mitundu ina, womwe umaperekedwa kwa anthu osakhala Ayuda omwe anapulumutsa Ayuda, mu 2004 anthu a ku Markowa anaimika chipilala, ndipo pa 17 Malichi 2016 kunatsegulidwa miziyamu yokumbukira Apolishi omwe anapulumutsa Ayuda, yotchedwa dzina la banjali. Nyumba yake ndi ya chitsulo cha dzimbiri, yooneka ngati kanyumba ka kumudzi, mkati muli zithunzi za a Józef kuphatikizapo china chodontheredwa magazi a tsiku lija, komanso Baibulo la m'nyumba mwawo momwe fanizo la Msamariya wachifundo linalembedwa mzere wofiira. Pambali pake anadzala munda wa mitengo ya zipatso pokumbukira ntchito ya mwini nazale uja. Kuyambira 2018 tsiku la 24 Malichi ndi lokumbukira opulumutsa onsewo m'dziko lonse la Poland. Ndipo pa 10 Seputembala 2023, pa bwalo la ku Markowa komweko, Kadinala Marcello Semeraro analengeza banja lonse kuti ndi odala, makolo, ana 6 ndi khanda lija, koyamba mu Mpingo kuti banja lathunthu lilengezedwe pamodzi. Tsiku lawo pa kalendala ya Mpingo ndi 7 July, tsiku la ukwati wawo.

Kwa abale athu a ku Zambia ndionjezere kuti chigawo chomwechi cha Podkarpackie ndi kwawonso kwa Kadinala Adam Kozłowiecki, wobadwira ku Huta Komorowska, amene anapulumuka ku kampu ya Dachau, anafika ku Northern Rhodesia mu 1946 n'kudzakhala arkiepiskopi woyamba wa Lusaka. Nthawi yomwe zinkachitika izi ku Markowa iye anali mkaidi wa boma lomwelo la Ajeremani.

Ngati mwina tsiku lina inu kapena mwana wanu mudzapeza mwayi wofika kumeneko, njira ndi yodzera ku Rzeszów, komwe kuli bwalo la ndege, kenaka sitima kapena basi mpaka Łańcut, pamenepo patsala mphindi zochepa pagalimoto. Kupatula miziyamu ija pamudzipo palinso malo osungira nyumba zakale za alimi, zofolera ndi udzu, makola ndi chigayo choyendera mphepo, pomwe mungaone ndi maso kukula kwa nyumba yonga ya a Ulma ndi kudenga komwe anthu 8 ankagona. Mafupa a banjali poyamba anali kuseri kwa nyumba yawo, mu Januwale 1945 achibale anawafukula n'kukawaika kumanda a parishi, ndipo kuyambira 2023 ali m'tchalitchi cha Dorothy Woyera pamudzipo. Alendo awo aja sali pamenepo ayi. A Saul Goldman ndi ana awo Baruch, Mechel, Joachim ndi Mojżesz, pamodzi ndi Gołda, Lea ndi kamwana Reszla, anasamutsidwa mu 1947 kupita ku manda a nkhondo a ku Jagiełła, m'nkhalango kupitirira Przeworsk, ndipo mukafuna kukawaona muyenera kupanga ulendo wachiwiri.